Kuyamba ntchito ya data science kudzera pa maphunziro a kampani: zimene mumapeza ndi zimene mumalipira

Kumayambiriro kwa 2018 achinyamata 100 anayamba maphunziro a chaka chimodzi ku Cape Town, pa sukulu yotchedwa Explore Data Science Academy. Fizi sanalipire. Mwezi ukatha ankalandiranso kangachepe koti azikwerera basi ndi kugulira chakudya. Pakhomo sankafunsa digiri, ankasefa anthu ndi mayeso a pa intaneti oyesa mmene munthu amaganizira akakumana ndi vuto. Ndalama zinachokera ku BCX, kampani ya zamakompyuta ya m'gulu la Telkom, yomwe inaika ma randi 50 miliyoni kuti anthu 300 aphunzire m'zaka zitatu. Wina angati BCX inali ndi mtima wabwino, ndipo mwina unalipodi. Koma chachikulu n'chakuti kampaniyo inkasowa anthu odziwa kufukula nzeru mu deta. Pamsika anali ochepa ndiponso okwera mtengo, ndiye inaganiza zodzilimira yokha.

Amene akufuna kulowa ntchitoyi kudzera pa maphunziro a kampani ayambire pamenepa. Kampani ikakuphunzitsani imakhala ikugula zaka zanu zakutsogolo pamtengo wotsikirapo. Inunso mumagula kwa iyo chinthu chimene sukulu zambiri zilibe: deta yeniyeni, yosokonekera, ya makasitomala enieni, pamodzi ndi munthu wodziwa ntchito wokhala pa desiki yoyandikana nanu. Ndi malonda, ndipo malonda amakomera amene wadziwa chimene akugula.

Ntchitoyo ndi yotani kwenikweni

Taganizirani ajenti wa Airtel Money kapena Mpamba pa tiledi senta ngati Jenda kapena Lizulu. Kumapeto kwa mwezi aphunzitsi ndi anamwino akalandira malipiro mzere umatalika, ndipo pofika masana ajenti uja amayamba kubweza anthu: "Zatha akulu, yesani kutsogoloko." Kasitomala aliyense wobwezedwa ndi komishoni yotayika, kwa ajenti ndi kwa kampani yomwe. Koma ndalama iliyonse yolowa kapena yotuluka imasiya phazi mu kompyuta: nthawi, malo, kuchuluka kwake, nambala ya wotumiza ndi ya wolandira. Mizere yotereyi imafika mamiliyoni ambirimbiri. Wa data science amaitenga n'kuyankha funso loti ndi maajenti ati amene fuloti iwathere Lachisanu likubwerali, kuti awapititsire ndalama lisanafike. Mawa lake funso likhoza kukhala lina. Ndi kasitomala uti watsala pang'ono kutaya simu khadi yathu? Ndi nambala iti ikuyenda ngati ya akuba aja otumiza mauthenga oti ndalama ija mutumize pa nambala iyi? Mwa alimi amene apempha ngongole ya feteleza, angabweze ndi ati?

Ntchito yosanthula ziwerengero ndi yakale. Ku Zomba, National Statistical Office yakhala ikuwerenga anthu, mitengo ya zinthu ndi zokolola kuyambira kalekale, ndipo makampani a inshuwalansi ali ndi akatswiri awo owerengera ngozi. Chatsopano ndi dzina ndi kuchuluka kwa deta. Dzina loti data scientist linatchuka cha m'ma 2008 kudzera mwa DJ Patil wa ku LinkedIn ndi Jeff Hammerbacher wa ku Facebook, amene ankafuna mawu otchulira anthu awo osakaniza masamu, kulemba mapulogalamu ndi kumvetsa bizinesi. Mu Okutobala 2012 magazini ya Harvard Business Review inatulutsa nkhani ya Patil ndi Thomas Davenport yotamanda ntchitoyi, ndipo kuyambira pamenepo aliyense anafuna kukhala nayo pa khadi lake la ku ofesi.

Kutchuka kumeneko kunabweretsa chisokonezo chimene muyenera kuchidziwa musanatumize kalata yofunsira. M'makampani ambiri muli anthu atatu osiyana. Data engineer amamanga mipope yoyendamo deta, kuchokera kumene imabadwira kukafika kumene imasungidwa. Data analyst amayankha mafunso a zimene zachitika kale, monga chifukwa chimene malonda atsikira ku Mzuzu mwezi watha. Data scientist amapita patsogolo pang'ono, amamanga modelo yolosera zimene zichitike. Mapulogalamu ambiri olembedwa kuti ndi a data science amatulutsa ma analyst. Zimenezo si zoipa, ndipo ambiri amene lero amamanga mamodelo anayambira pomwepo. Chongofunika n'kudziwa kuti mukulowera khomo liti.

Makampani amaphunzitsa m'njira zosiyana

Njira yodziwika kwambiri kwathu kuno ndi ya graduate trainee. Banki, kampani ya mafoni kapena yowerengera za chuma imatenga omaliza digiri, n'kuwazungulitsa m'madipatimenti kwa chaka kapena ziwiri, kenako n'kuwakhazika pamene aoneka kuti akukwanira. Njira ina ndi yophunzitsa anthu amene ali kale pantchito. Mu 2019 Amazon inalengeza kuti iwononga madola 700 miliyoni kuphunzitsa antchito ake 100,000 a ku America luso latsopano pofika 2025, ndipo ili ndi sukulu yakeyake ya mkati yotchedwa Machine Learning University. Airbnb inatsegula Data University mu 2016 pofuna kuti ngakhale anthu a zamalonda azitha kudzifunsira okha mafunso mu deta. AT&T, kampani ya mafoni ya ku America, inathandiza ndi ndalama kuti yunivesite ya Georgia Tech ndi kampani ya maphunziro a pa intaneti ya Udacity ayambe digiri ya mastazi ya pa intaneti mu 2014, ndipo antchito ake analembetsa nawo.

Palinso makampani amene bizinesi yawo ndi kuphunzitsa anthu n'kuwabwereketsa. FDM Group ya ku Britain imakuphunzitsani kwa masabata angapo, kenako imakutumizani kukagwira ntchito kwa kasitomala wake, nthawi zambiri banki kapena ofesi ya boma, kwa zaka ziwiri. Ku India, Infosys ili ndi malo aakulu ophunzitsira ku Mysuru kumene ongolembedwa kumene ntchito amagonera komweko kwa miyezi, akulemba mayeso pafupipafupi, ndipo wolephera mobwerezabwereza amabwerera kwawo. M'njira imeneyi kumbukirani kuti katundu wogulitsidwa ndi inuyo. Kasitomala amalipira kampani ndalama zambiri kuposa zimene inu mukulandira, ndipo kusiyanako n'kumene kumabweza mtengo wa maphunziro anu.

M'mayiko ena chimene chimakankha makampani ndi lamulo. Ku Britain, kuyambira mu Epulo 2017, kampani iliyonse imene malipiro a antchito ake amaposa mapaundi 3 miliyoni pachaka imapereka 0.5 peresenti ya malipirowo ku thumba la maphunziro a pantchito, ndipo imatha kutapa m'thumbamo ikamaphunzitsa anthu. N'chifukwa chake kumeneko kwadzaza maphunziro a data analyst amene munthu amachita akulandira malipiro. Ku South Africa olemba ntchito amapereka 1 peresenti, yomwe imadutsa m'mabungwe oona za maphunziro a luso otchedwa SETA, ndipo kuphunzitsa achinyamata kumawonjezera mapointi a kampani pa B-BBEE, ndondomeko ya boma yotukula anthu akuda pa zachuma. Abale athu amene ali ku Joni kapena ku Manchester adziwe kuti mipata yambiri yotereyi imafuna nzika kapena munthu wa mapepala okhazikika, choncho afunse zimenezi asanataye nthawi yodzaza mafomu. Ku Malawi nakonso olemba ntchito amapereka 1 peresenti ku TEVETA, ngakhale ambiri tikamva dzinali timaganiza za ukalipentala, kuwotcherera ndi zomangamanga.

Masatifiketi a pa intaneti okhala ndi dzina la kampani, monga ya Google ya data analytics yomwe inayamba mu 2021 kapena ya IBM pa Coursera, ndi nkhani ina. Amaphunzitsa bwino zoyambira, koma Google sikudziwani, ndipo palibe desiki imene ikukudikirani mukamaliza.

Zimene mumaphunzira, ndi kumene nthawi imathera

Pafupifupi pulogalamu iliyonse imayamba ndi SQL, chilankhulo chofunsira mafunso ku nkhokwe ya deta, chomwe chinabadwira ku IBM m'zaka za m'ma 1970. Ophunzira ambiri amachipeputsa chifukwa n'chakale ndipo sichimveka chapamwamba, koma pantchito mudzachigwiritsa tsiku lililonse. Kenako pamabwera Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu, yomwe Guido van Rossum anatulutsa mu 1991, makamaka chida chake chotchedwa pandas chimene Wes McKinney anayamba kulemba mu 2008 ali pantchito pa kampani ya zachuma ya AQR. Malo ena, makamaka ofufuza zaumoyo, amakonda R kapena Stata. Pamwamba pa izi pali masamu a ziwerengero, kujambula ma chati mu Power BI kapena Tableau, ndipo kumapeto machine learning, luso lophunzitsa kompyuta kulosera kuchokera mu deta, imene aliyense amabwerera.

Nthawi yochuluka imathera pa chinthu chimene sichilembedwa pa chikalata choitanira anthu: kutsuka deta. Tiyerekeze kuti mwapatsidwa mndandanda wa makasitomala a banki. Mupeza a Phiri ndi a Banda mazanamazana a mayina oyamba ofanana. Munthu mmodzi walembedwa katatu, pena Chimwemwe, pena Chimwemwe ndi dzina lapakati, pena C. chabe. Nambala ya foni wina anailemba kuyambira 0999, wina +265, wina anasiya ziro wa kumayambiriro chifukwa Excel inamumeza. Boma lomwelo lalembedwa Nkhata Bay, Nkhatabay ndi Nkhata-Bay, ndipo kompyuta ikuyesa maboma atatu. Mukayang'ana masiku obadwa mudabwa kuti anthu ambirimbiri anabadwa pa 1 Januwale. Sikuti tsikulo lili ndi mwayi wa ana. Agogo ankadziwa chaka chokha, ena ngakhale chakacho ankachiyerekeza ndi nthawi ya njala ya 1949, ndiye kalaliki anangoika tsiku loyamba la chaka kuti fomu idutse. Munthu wosadziwa zimenezi akhoza kumanga modelo yonse pa bodza.

Ndalama nazonso zili ndi msampha wake. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mukaika malonda a 2021 ndi a 2024 pa chati chimodzi osaganizira kukwera kwa mitengo, mzere udzakwera mokongola ndipo bwana adzasangalala, chonsecho matumba ogulitsidwa achepa. Apa m'pamene munthu wokulira kuno amaposa katswiri wochokera kutali. Amadziwa kuti Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi ya njala ndi fizi, kuti ndalama zimayenda ku Kasungu ndi ku Mchinji msika wa fodya ukatsegulidwa, kuti foni imodzi m'mudzi ikhoza kukhala ya anthu asanu.

Musaganize kuti zolakwika zoterezi ndi za mayiko osauka okha. Mu Okutobala 2020 bungwe la Public Health England linavomera kuti anthu 15,841 opezeka ndi Covid-19 sanalowe m'ziwerengero panthawi yake. Chifukwa chake chinali chochititsa manyazi: zotsatira zinkasonkhanitsidwa mu fayilo ya Excel ya mtundu wakale imene imathera pa mizere 65,536, ndipo zopitirira pamenepo zinkangogwera kunja popanda wodziwa. Anthu amene anakumana ndi odwalawo anachedwa kuchenjezedwa. Panalibe masamu ovuta amene analephereka. Panasowa munthu woti awerenge mizere yolowa ndi yotuluka n'kuona kuti sikufanana. Pulogalamu yabwino imakuzolowezani kuchita zimenezi mpaka zikhale ngati kusamba m'manja musanadye.

Modelo, mwachidule, ndi njira yophunzitsira kompyuta kuchokera ku zakale. Mumaipatsa mbiri ya anthu masauzande amene anatenga ngongole, pamodzi ndi yankho loti anabweza kapena ayi. Iyo imafufuza zizindikiro zimene zimayendera limodzi ndi kubweza, ndipo munthu watsopano akabwera imapereka mwayi woti abweza. Ngozi yoyamba ndi yofanana ndi ya mwana wa Fomu 4 amene waloweza mapepala a MSCE a zaka zapitazo pamodzi ndi mayankho ake. Mukamufunsa funso lakale akhoza zonse, mukangolitembenuza pang'ono thukuta lili kamukamu. N'chifukwa chake deta amaigawa pawiri, ina yophunzitsira, ina yobisa yoyesera, ndipo wophunzira wabwino sasuzumira yobisayo mpaka pamapeto.

Ngozi yachiwiri ndi kunyengedwa ndi nambala yokoma. Tiyerekeze kuti mwa kutumiza ndalama 1,000 kulikonse, kumodzi kokha ndi kwa akuba. Modelo yaulesi imene ingonena kuti zonse zili bwino idzakhoza 99.9 peresenti, koma sidzagwira mbala ngakhale imodzi. Ndiye funso loyenera n'lakuti mwa akuba onse yagwira angati, ndipo pogwira amenewo yavutitsa anthu osalakwa angati. Kutseka akaunti ya mayi amene akutumiza ndalama ya kuchipatala chifukwa kompyuta yamukayikira kuli ndi mtengo wake, ndipo woyeza mtengowo ndi anthu a bizinesi pamodzi ndi inu.

Ngozi yachitatu ndi yakuti modelo imatengera khalidwe la mbiri imene yadya. Mu 2018 Reuters inalemba kuti Amazon inasiya chida chimene inkayesa chosefera ma CV, itaona kuti chikuponderezera amayi. Chinaphunzira pa ma CV a zaka khumi amene ambiri anali a amuna, ndiye chinaganiza kuti mwamuna ndiye woyenera. Kwathu kuno modelo ya ngongole yophunzira pa anthu a m'tauni olandira malipiro a pamwezi ikhoza kukana mayi wa geni wa ku Ntcheu amene sanaphonyepo kubweza ku banki m'khonde, chifukwa mbiri yakeyo ili m'kabuku ka gulu, mu kompyuta mulibe.

Chimene kampani imapereka choposa kudziphunzira

Zonse ndatchulazi munthu akhoza kuziwerenga kwaulere. Pali Kaggle, webusayiti ya mipikisano yosanthula deta, yomwe inayamba mu 2010 ndipo Google inaigula mu 2017. Pali Zindi, yomwe inayamba mu 2018 ndipo mipikisano yake imakhala ya mavuto a mu Africa muno. Ndi malo abwino onolera luso. Koma pa mpikisano funso amakupatsani lokonzakonza, deta yotsukatsuka, ndi njira yodziwira wopambana. Ku ofesi bwana amangoti, "Makasitomala akuthawa, taonani chikuchitika n'chiyani." Kusandutsa mawu amenewo kukhala funso loyankhika ndi theka la ntchito, ndipo kumaphunzirika poona mmene wina wozolowera akuchitira.

Mumaphunziranso kuti modelo yopambana pa pepala si nthawi zonse imene imagwiritsidwa ntchito. Netflix inaika mphotho ya dola 1 miliyoni mu 2006 kwa amene angawongolere ndi 10 peresenti njira yake yolosera mafilimu amene munthu angakonde. Mphothoyo inaperekedwa mu 2009, koma kampaniyo inadzanena kuti njira yonse yopambanayo sinaiike pantchito, chifukwa phindu lowonjezeralo silinkafanana ndi ntchito yoimanga. Pa kampani mudzakumana ndi zoterezi kawirikawiri. A zamalamulo adzafuna kudziwa chifukwa chimene munthu wakanidwira ngongole, a IT adzati seva siingakwanitse, ndipo mwina mudzabwerera ku modelo yosavuta imene mungaifotokoze kwa manejala wa nthambi m'mphindi zisanu.

Pali chikomekome cha mkuyu pamenepa. Pulogalamu ya kampani imakuphunzitsani zida zimene kampaniyo imagwiritsa, ndipo zina n'zakezake, kwina kulibe. Ntchito yanu yabwino kwambiri simungaionetse kunja chifukwa ndi chinsinsi. Ndipo pali matenda amene ndawaonapo pa kampani ina: wophunzira akangoonetsa kuti amadziwa Excel, dipatimenti yonse imamusandutsa wopanga malipoti a Lolemba lililonse. Miyezi isanu ndi umodzi imatha asanakhudze china chilichonse, mlangizi wake ali pa misonkhano. Musanavomere, funsani kuti amene adzakulangizeni ndi ndani, amagwira ntchito yanji, ndipo mudzakumana naye kangati pa sabata. Akayankha mozungulira, dziwani kuti mlangizi kulibe. Funsaninso kuti a gulu lapitalo ali kuti lero, ndipo ngati n'kotheka mupeze mmodzi pa LinkedIn mucheze naye.

Kontrakiti

Ambiri amasaina tsiku lomwelo chifukwa cha chimwemwe, ndipo n'zomveka, ntchito ikusowa. Komabe pepalalo pitani nalo kunyumba. Mapulogalamu ambiri amakumangani ndi bondi: mukachoka nthawi isanakwane mumabweza ndalama za maphunziro. Mwa iko kokha zimenezi si nkhanza, kampani yawononga ndalama ndipo sikufuna kulimira mnzake. Nkhanza imabisala m'mawu ang'onoang'ono. Kodi ngongoleyo imachepa mwezi ndi mwezi? Tiyerekeze bondi ya K6 miliyoni ya zaka ziwiri. Ngati imachepa, wochoka patatha miyezi 18 abweza K1.5 miliyoni. Ngati sichepa, abweza yonse ngakhale atatsala ndi mwezi umodzi. Kodi ndalamayo yalembedwa mu kwacha kapena yamangiriridwa ku dola? Amene anali ndi ngongole ya madola mu Novembala 2023 akudziwa kupweteka kwake. Nanga akakuchotsani okha, kapena mukalephera mayeso a mkati, kapena mukadwala, mumabwezabe? Malipiro a pambuyo pa maphunziro alembedwa, kapena angoti tidzaona?

Ku America nkhani ya mabondi otere inakula mpaka Consumer Financial Protection Bureau, nthambi ya boma yoteteza anthu pa nkhani za ngongole ndi ndalama, inatulutsa lipoti mu 2023 lochenjeza kuti olemba ntchito ena amaika mtengo wokokomeza pa maphunziro wamba, cholinga chili chotsekera antchito kuti asachoke. Njira yosavuta yoyesera ndi kufufuza kuti maphunziro ofanana nawo amagulidwa zingati kunja. Ngati akukumangani ndi mamiliyoni pa makosi amene aliyense angawapeze pa intaneti ndi ndalama ya bandulo, pali chimene chikununkha. Ndipo kampani yeniyeni sipempha kuti mutumize ndalama ya fomu kapena ya intavyu pa nambala ya foni. Amenewo ndi akuba.

Pamodzi ndi bondi mudzasaina zosunga chinsinsi, ndipo izi musazitenge mwamasewera. Malawi ili ndi lamulo loteteza deta ya anthu la 2024, loyang'aniridwa ndi MACRA. Ku South Africa kuli POPIA, yomwe inayamba kugwira ntchito mokwanira mu Julayi 2021, ndipo ku Ulaya kuli GDPR kuyambira 2018. Wophunzira amene wakopera mndandanda wa makasitomala pa flash kuti akapitirize kunyumba, kapena wafufuza balansi ya mlamu wake chifukwa chongofuna kudziwa, akhoza kutha ntchito tsiku lomwelo. Chiyambireni ChatGPT mu Novembala 2022 pabwera chiyeso china, chomata deta ya kampani mu zida zoterezi kuti zikuthandizeni. Zidazi zimalemba SQL ndi Python mofulumira, ndipo makampani ambiri amalola kuzigwiritsa m'malire ake, koma mayina ndi manambala a anthu asamalowemo. Zachititsanso kuti kungodziwa kulemba khodi kutsike mtengo. Chimene chakwera ndi kutha kuona kuti yankho looneka bwinoli n'lolakwika, monga lija la anthu obadwa pa 1 Januwale.

Kulowa kwake

Kusefa kumayamba ndi mayeso a masamu ndi kaganizidwe, nthawi zambiri a pa intaneti ndipo a nthawi yochepa. Odutsa amapatsidwa kafayilo kuti asanthule n'kufotokoza, kenako intavyu. Digiri ya masamu, statistics, economics, uinjiniya kapena kompyuta imathandiza, kaya ndi ya ku UNIMA, MUBAS, MUST, Mzuni kapena LUANAR, koma ofunsa amayang'ana kwambiri ngati mumatha kufotokoza mmene mwafikira pa yankho. Kunena kuti apa sindikudziwa, koma ndingayambe motere, kumakupezerani mamalikisi ambiri kuposa kulankhula mawu akuluakulu a m'buku.

Chokonzekera chabwino ndi kantchito kamodzi kanuko komalizidwa bwino. Deta yaulere ilipo: zotsatira za kalembera wa 2018 amene anapeza anthu pafupifupi 17.5 miliyoni, kafukufuku wa zaumoyo wa DHS wa 2015 ndi 2016, mitengo ya chimanga m'misika yomwe World Food Programme imaika pa Humanitarian Data Exchange. Tengani mitengo ya ku Lunzu, ku Mitundu ndi ku Karonga, muonetse mmene imasinthira kuchokera pa kukolola kufika mu Febuluwale, mulembe tsamba limodzi lofotokoza zimene mwapeza ndi zimene zinali zosokonekera mu detayo. Wofunsa adzakhala ndi chokambirana nanu kwa theka la ola, ndipo adzakukumbukirani kuposa mnzanu wa masatifiketi khumi. Laputopu ya 8GB ikukwanira pa zonsezi. Mavidiyo ndi mafayilo dawunilodani pamene magetsi ndi netiweki zilipo.

Kunena zoona, ku Malawi mapulogalamu olembedwa dzina loti data science pamutu ndi ochepa. Anthu ambiri amalowera pambali. Wina amayamba ngati graduate trainee pa banki n'kupempha kuti amuike ku dipatimenti ya ngongole kapena yoona zachinyengo. Wina amalowera ku M&E ya bungwe, nthambi yolondola ndi kuunika mmene mapulojekiti akuyendera. Wina amayamba ngati data officer pa malo ofufuza zaumoyo monga Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre, UNC Project ku Lilongwe kapena MEIRU ku Chilumba, kumene kusamala deta amakuphunzitsa mosanyengerera chifukwa zotsatira zake zimakhudza miyoyo. African Drone and Data Academy, yomwe UNICEF inatsegula ku Lilongwe mu Januwale 2020 mogwirizana ndi Virginia Tech, si ya kampani, koma yatulutsa achinyamata odziwa kusanthula zithunzi za m'mlengalenga ndi mapu. Ofuna kupita patali ndi masamu amayang'ana ku AIMS, sukulu ya masamu ya mu Africa, imene inayambira ku Muizenberg mu 2003 ndipo mu 2018 inatsegula mastazi ya machine intelligence ku Kigali mothandizidwa ndi Facebook ndi Google. Misonkhano ya akatswiri a machine learning yotchedwa IndabaX, mphukira za Deep Learning Indaba imene inayamba ku Johannesburg mu 2017, ndi kumene mungakumane maso ndi maso ndi anthu amene amalemba ntchito.

Amene muli kale pantchito muli ndi mwayi umene mwina simuuona. Kalaliki wa pa chipatala cha boma amene amalowetsa malipoti mu DHIS2, pulogalamu yosungira ziwerengero za zaumoyo, mwezi uliwonse amadziwa chipatala chaching'ono chimene chimachedwetsa mafomu nthawi ya mvula, ndi chimene chimakopera manambala a mwezi watha. Wa pa kauntala ya banki amadziwa mmene makasitomala amadzazira mafomu. Kuphunzitsa munthu wotere SQL kumatenga miyezi itatu kapena inayi, pamene kuphunzitsa mlendo zimene iyeyo amadziwa kumatenga zaka. Ngati kampani yanu ilibe pulogalamu, pitani kwa a HR ndi vuto limodzi lenileni, mwachitsanzo lipoti limene limadya masiku atatu mwezi uliwonse, mupemphe maola angapo pa sabata ndi kosi imodzi, n'kulonjeza kuti mulifupikitsa kufika theka la tsiku. Mabwana amamva msanga nkhani ya masiku opulumutsidwa kuposa ya tsogolo la ukadaulo.

Mukalowa, gulani kabuku. Ntchito iliyonse mukamaliza lembani funso limene munapatsidwa, njira imene munatsata, chimene chinalakwika ndi chimene chinasintha pa kampani chifukwa cha ntchitoyo, osaikamo dzina la kasitomala kapena nambala yachinsinsi. Bondi ya zaka ziwiri ikamatha, pa mwezi wa 22 kapena 23, mudzakhala pansi ndi bwana kukambirana malipiro atsopano, mwinanso kalata ya kampani ina ili m'thumba. Mafayilo onse adzatsala pa seva ya kampani, laputopu mudzabweza kwa a IT, koma kabukuko mudzatuluka nako pa geti.